Tsiku Limene Mabuku Onse Anabwerera

Inu, sendezani mpandowo kuno mumve za a Loko, chifukwa ambiri mumangowaona akudutsa ndi tayi ndi ambulera, osadziwa kuti munthuyo anapulumukira pati.

Dzinalo si la ubatizo. Analitenga kusitolo ya simenti, malata ndi misomali, kumene anasunga katundu kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba kusuzumira. Zaka zonsezo sikunasowe ngakhale msomali wopindika. Mwini sitolo weniweniyo akafuna thumba la simenti lokamatira khonde la kwawo, ankayamba waima pakhomo n'kufotokoza bwinobwino kuti khondelo lang'ambika pati. Chikhulupiriro cha a Loko chinali chachifupi: katundu akamalowa ndiye kuti zinthu zili bwino, akamatuluka ndiye kuti pali wina wofunika kumuyang'anitsitsa.

Sitoloyo itatsekedwa, a Loko anapezeka ali pakhomo, m'chiuno muli makiyi opanda chotsegula. Munthu wotere ukamusiya pakhomo amafunafuna chokiya. Anayamba ndi shuga. Kenako sopo, machesi, mpaka singano ya akazi awo. Za m'nyumba zitatha, anatuluka panja n'kuyang'ana mpopi umene nyumba zonse za mumzere wawo zinkatungapo, naona kuti madzi akungotuluka popanda wowafunsa kumene akupita. M'mawa mwake pampopi panali loko. Wofuna madzi ankayenera kugogoda kwa a Loko n'kulongosola kuti adzulo aja apita kuti. Amayi a mumzerewo akakumbukira nyengo imeneyo, mpaka lero amayamba apuma kaye asanalankhule.

Ndiye akazi awo atamva kuti kulaibulale ya m'tauni kukufunika wothandizira, sanafunse kawiri. Anasita malaya, anakabwereka tayi kwa alongo awo, n'kuwamanga nayo amuna awo pakhosi mothinitsa ndithu.

"Bambo, mundimvetse," anatero akukoka tayiyo. "Ntchito iyi mukailephera, ine ndikupita kwathu. Sindingamapemphe mchere m'nyumba yanga yomwe."

A Loko anadziwa kuti si nthabwala, chifukwa sutikesi inali itatsitsidwa kale pamwamba pa kabati.

Pofunsidwa mafunso a ntchito, anawafunsa ngati amakonda mabuku. Iwo anati amakonda chinthu chilichonse chokhala ndi ngodya zinayi, chifukwa chimasanjika bwino. Ofunsawo anaseka, nati bamboyu ndi wanthabwala, anthu azidzamukonda. Anawalemba ntchito mongoyeserera, n'kuwauza kuti pakapita miyezi ingapo kudzabwera woyendera wochokera kulikulu, ndipo ameneyo ndiye adzanene ngati akhazikike kapena ayi.

Mayi woyang'anira laibulaleyo anali woyembekezera, wotopa kale, koma wodekha. Anawaphunzitsa kuwerenga nambala ya pamsana pa buku, kudinda tsiku lobweza, ndi kusunga makhadi a obwereka. Zonsezi a Loko anazigwira tsiku lomwelo. Chimene chinawasowetsa mtendere chinali mashelefu. Paliponse pamene anayang'ana panali mpata, mabuku atatsamirana ngati anthu oledzera.

"Mayi, apa waba ndani?"

"Palibe waba, bambo. Abwereka."

"Asiya chikole chanji?"

"Dzina."

"Dzina ndi chiyaninso?"

"Dzina basi."

A Loko anafunafuna mpando n'kukhala pansi.

Posakhalitsa mayiyo anapita kutchuthi cha uchembere, nawasiyira makiyi onse. Apa mpamene a Loko anayamba kukonzekera woyendera. Oyendera anali atawaona ambiri kusitolo kuja, ndipo onse ankabwerera chinthu chimodzi: kudzaona ngati katundu yense alipo. Akadzapeza mipata yonseyi, ntchito ithera pomwepo, ndipo sutikesi ija inyamuka. Anatsimikiza mtima kuti buku lolowa lilowe, koma lotuluka lisaoneke.

Woyamba kugwa m'manja mwawo anali aphunzitsi ena opuma ntchito, munthu wamtali, waulemu, wovala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ankawerenga nkhani yaitali ya mabuku awiri, ya dokotala wina amene anamangidwa pa mlandu wosapalamula.

"Ndabweza loyamba, bambo. Ndipatseni lachiwiri."

A Loko analandira loyambalo ndi manja awiri, analinunkhiza, n'kulilowetsa pamalo pake. Mpata unatsekeka, mtima wawo n'kukhala pansi.

"Lachiwirilo mukufuna mukatani nalo?"

"Ndikawerenge."

"Kuti?"

"Kunyumba."

"Kunyumba kwanu kumadontha?"

Aphunzitsi, pokhala munthu wosanama, anati pakona ya kuchipinda pamadontha pang'ono mvula ikakhala ya mphepo.

"Adzukulu alipo?"

"Alipo."

"Amasamba m'manja akadya?"

"Ndi ana, bambo."

"Mphemvu?"

"Nyumba yake iti yopanda mphemvu?"

"Ndiye mwadziyankha nokha, aphunzitsi."

"Chabwino, ndiwerengere pompano."

"Mukamawerengera pano, mulitsegula?"

"Nanga ndiwerenga bwanji?"

"Kutsegulako ndi kumene kumathyola msana."

"Koma bambo, dokotala uja akuweruzidwa mawa lake! Loyambali lathera pomwepo!"

"Ali bwino pamene alipo," anatero a Loko. "Muno simudontha."

Aphunzitsi anavala chipewa n'kutuluka mwaulemu, koma pakhomo anamveka akulankhula okha.

Wachiwiri anali mayi wina telala, wa shopu ya kuseri kwa msika, amene ankabwereka mabuku a masitayilo a madiresi. Ameneyu a Loko anangomuuza kuti atambasule manja. Anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo, napeza mafuta a makina pachala chachikulu. Mayiyo ananena mawu angapo amene sayenera kunenedwa mulaibulale, koma poti munalibe wina aliyense, palibe amene anasokonezedwa.

Mbiri inawanda. Anthu anasiya kubwera, ndipo a Loko anaona kuti ntchito ikuyenda. Koma mipata inalipobe, chifukwa amene anali ndi mabuku kunyumba anaopa kuwabweza, podziwa kuti akabweza sapatsidwanso ena. Ndiye a Loko anatenga makhadi aja, anabwereka wilibala, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo.

Inu, munthu uja anagwira ntchito! Buku lina analipeza pansi pa mwendo wa tebulo, n'kusiya banja lonse litagwirira mbale. Lina analitenga kwa wometa, likugwira ntchito yokupizira makasitomala. Kunyumba ina anapeza kuti wobwerekayo anamwalira. Anapepesa kaye maliro monga munthu woleredwa bwino, kenako n'kufunsa ngati malemu anasiya mawu alionse okhudza buku la ulimi wa nkhuku. Lina linali ndi munthu wogonekedwa m'chipatala, ali pakati powerenga. Pamenepo a Loko anachita chifundo ndithu, anadikira mpaka wodwalayo atasinza.

Madzulo ankafika kunyumba atatuwa, tayi ili paphewa.

"Ntchito ikuyenda, bambo?" ankafunsa akazi awo.

"Mayi, laibulale imeneyi sinaonepo munthu ngati ine."

Pamenepo sananame.

Tsiku linafika limene khadi lomaliza linabwerera m'buku lake. Mabuku onse a laibulale ija anali pansi pa denga limodzi, chinthu chimene sichinachitikepo chiimangire nyumbayo. A Loko anavula jekete n'kuyamba kusanja. Anasanja, anasanja, mashelefu onse anadzaza, koma wilibala inali isanathe, ndipo pakauntala panali mulu wina wofika m'chifuwa.

Munthu wina akanaima pamenepo n'kudzifunsa. A Loko anangoti kalipentala amene anapanga mashelefuwo anali wakuba matabwa. Kusitolo kuja anali atalowetsapo matumba a simenti m'chipinda chimene aliyense ankati chadzaza, ndiye mapepala akanawakanika bwanji? Anayamba kupanikiza. Ankalowetsa bondo, n'kukankha mzere wonse ndi phewa, n'kusomekapo buku lina. Bondo litatopa anakatenga kathabwa ndi nyundo: kathabwa pamsana pa buku, kuti lisapweteke, nyundo pakathabwa. Anthu odutsa panja ankamva kugogoda, n'kumati mwina akukonza denga.

Lomaliza kulowa linali la dokotala uja, lachiwiri. Linalowa ndi nyundo zingapo, shelefu n'kulira pang'ono chapansipansi. A Loko anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana. Khoma la mabuku, losalala, lopanda polowetsa ngakhale lezala! Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo sanachite nayo manyazi.

Woyendera anafika m'mawa wina kukuchita mitambo. Anali mayi wamfupi, wa chikwama chachikulu, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anaima pakhomo n'kuyang'ana mipando yopanda anthu.

"Lero mwatseka?"

"Tatsegula, mayi."

"Anthu ali kuti?"

"Kwawo, mayi. Koma mabuku onse alipo."

"Onse?"

"Ngakhale la malemu."

Mayiyo anayenda pang'onopang'ono kutsata shelefu, naika chala pamwamba pa buku limodzi kuti alisolole. Bukulo silinasunthe. Anayesa ndi zala ziwiri. Anaika chikwama pansi, nagwira ndi manja onse. Buku linali phee.

"Bambo, mwawamata?"

"Ayi, mayi. Angogwirizana."

"Tanditulutsireni limeneli."

Linali la dokotala lija. A Loko anayesa kuwauza kuti pali ena abwino kuposa limenelo, koma mayiyo anangoloza ndi chala. Ndiye anapinda malaya, anaponda shelefu ya pansi ndi phazi limodzi, anakanikiza zikhadabo pamsana pa bukulo, n'kukoka ndi mphamvu zonse za munthu amene wanyamula simenti moyo wake wonse.

Bukulo linatuluka. Pa zimenezo tisawanamizire, linatuluka ndithu. Kungoti thabwa la m'mbali, limene linakhala likupirira masiku onsewo, linaona kuti nalonso nthawi yake yakwana. Linalira kamodzi n'kuthawa. Mzere wa pamwamba unatsikira pa wachiwiri, wachiwiri pa wachitatu, shelefu yonse inagwada n'kugwera inzake, inzakeyo n'kupatsira inzake. Phokoso lake linamveka mpaka kumsika. Fumbi litatsika, woyendera anali ataima m'mabuku ofika m'mawondo, magalasi ali pamphuno penipeni, ndipo a Loko anali chagada, atakumbatira dokotala pachifuwa.

"Koma onse alipo, mayi," anatero ali pansi pomwepo.

Mayiyo anapukuta magalasi. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinaopsa kwambiri.

"Bambo, palibe laibulale imene ili ndi malo a mabuku ake onse. Sitimanga choncho. Nthawi zonse ena amayenera kukhala ali kwa anthu. Mashelefu athu enawo ndi nyumba za anthu."

"Zodontha zija?"

"Zomwezo."

"Za mphemvu?"

"Zomwezo, bambo. Ine ndikayendera laibulale, ndimayang'ana mipata. Shelefu yodzaza imandiuza kuti pano palibe chimene chikuchitika." Anatola chikwama chake n'kuchikuntha. "Ndikupita kukaona laibulale ina, ndidutsanso pano musanatseke. Amene ali pansiwa asabwerere pashelefu, ndipo musawabise. Apite kwa anthu, aliyense ndi khadi lake. Ndikawapeza ali pompano, mundipatsa makiyi."

Ndi mmene a Loko anatulukiranso ndi wilibala yomwe ija, m'misewu yomwe ija, koma katundu akuyang'ana kwina. Anthu atangomva kulira kwa gudumu lake, anayamba kutseka zitseko. Wometa anathawa n'kusiya munthu atametedwa mbali imodzi. Mayi wamasiye wa kunyumba ya maliro ija anafuula ali m'nyumba kuti malemu sanasiye china chilichonse.

Telala yekha ndiye sanathawe. Anakhala pamakina ake n'kuwasiya a Loko aime panja.

"Mayi, ndakubweretserani la madiresi lija. Ndawonjezapo ndi ena."

"Kwathu kumadontha, bambo."

"Madzi pang'ono amachotsa fumbi."

"Ndili ndi ana osasamba m'manja."

"Ana ndi ana, mayi."

Telalayo anatambasula manja, kutsogolo ndi kumbuyo. "Mafuta awa mukuwaona?"

A Loko anayang'ana chala chija. "Mafuta amalimbitsa chikuto."

"Ndamva. Pitani bwino." Makina anayambanso kulira.

Dzuwa litapendeka, wilibala inali yodzaza ngati mmene inachokera. A Loko anaikankha mpaka kunyumba kwawo, anakhala pakhonde, namasula tayi. Mantha anawagwira enieni, a munthu wamkulu amene akuona kuti zonse waziwononga yekha, ndi manja ake, akuyesa kuchita bwino. Akazi awo anatuluka, anayang'ana wilibala, anayang'ana amuna awo, ndipo a Loko anafotokoza zonse osabisa kanthu.

"Ndiye kuti mawa mukhala pakhomo?"

"Zikuoneka choncho, mayi."

"Tsiku lonse?"

"Nanga ndipita kuti?"

Mayiyo sanapite kukatenga sutikesi. Anavala nsapato n'kupita pampopi, pamene amayi a mumzere anali pamzere ndi zidebe zawo. Sanapemphe aliyense, sanalire, sanatchule n'komwe za mabuku poyamba. Anangoima n'kunena ngati akunena za nyengo.

"Anzanga, bambo a kwathu ntchito ikutha lero. Kuyambira mawa azikhala pakhomo."

Amayi onse anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Loko wa pampopi uja anamutaya?" anafunsa mayi wina chapansipansi.

"Ali m'kabati. Dzulo ndinawaona akumuthira mafuta," anayankha akazi a Loko.

Chidebe china chinagwa.

"Tingatani kuti ntchitoyo isathe?"

"Akuti anthu akabwereke mabuku."

Inu, simunaone anthu okonda kuwerenga ngati a mumzere umenewo tsiku limenelo! Amayi anasiya zidebe pampopi, anakokera amuna awo, ana awo, alendo amene anangobwera kudzacheza, ndi agogo ena amene maso anasiya kuona kalekale. Uthenga unadumpha mpanda n'kufika mumzere wachiwiri, kumene anamva kuti a Loko akamaliza mpopi uwu adzayamba kuyendera mipopi ina. Telala anamva ali pamakina, ndipo poti mng'ono wake amakhala mumzere womwewo, anatseka shopu. A Loko anachita kuthamanga ndi wilibala kuti akafike anthuwo asanathyole chitseko.

Woyendera pobwerera anapeza mzere wotuluka pakhomo mpaka kukhota pakona. M'kati, a Loko anali pakauntala akudinda. Chidindo chilichonse chinkawapweteka ngati akudzidinda pachilonda. Ankapereka buku, koma zala zinkakana kulisiya, mpaka wobwerekayo ankachita kukoka.

"Mukufuna lotani, mayi?"

"Lililonse, bambo. Lolemera."

"Kwanu kuma..." A Loko anaona woyendera pakhomo, nameza funsolo. "Mukawerenge bwino."

Agogo aja anatuluka ndi buku la malamulo a pamsewu. Mayi wamasiye anatenganso la nkhuku lomwe lija, nati malemu anali asanalimalize. Pofika nthawi yotseka pansi panali poyera, ndipo mashelefu amene anatsala chiimire anali ndi mipata yoti mwana n'kugonamo. A Loko sankatha kuyang'anako.

Woyendera anayenda kuzungulira chipinda chonse, anasolola buku limodzi ndi chala chimodzi, n'kulibwezera.

"Sindinaonepo tauni yokonda kuwerenga chonchi," anatero. "Mwawalimbikitsa bwanji?"

"Amandidziwa, mayi."

"Makiyi sungani. Nyundo ndiyo ndikutenga."

Womaliza kulowa anali aphunzitsi aja, amene za mpopi sankazidziwa n'komwe. Anangomva kuti kulaibulale kwagwa chinachake, nabwera kudzapepesa. A Loko anatsegula kabati ya pakauntala n'kutulutsa dokotala uja. Anadinda, anapumira m'mwamba, napereka ndi manja awiri. Aphunzitsi analandira, ndipo sanadikire kufika kunyumba. Anatsegula ali pakhomo pomwepo n'kuyamba kuyenda akuwerenga.

Mvula imene inakhala ikuopseza kuyambira m'mawa inasankha nthawi yomweyo. Aphunzitsi sanaimve n'komwe, chifukwa woweruza anali atangolowa m'khoti. Anangozindikira kuti pambali pawo pali munthu akupuma mwawefuwefu, atatambasula ambulera. Anali a Loko, atakiya laibulale mothamanga.

Anayenda limodzi msewu wonse, kudutsa msika, mpaka pakhomo pa aphunzitsi. Mkuluyo anakhudzidwa kwambiri.

"Bambo, ndinakuganizirani molakwa. Munthu wondiperekeza pamvula chonchi! Kungoti ambulera yanuyi ikuoneka yaing'ono. Taonani, msana wonsewu ndanyowa, madzi akulowera m'khosi."

A Loko, amene nawonso anali atanyowa mpaka tayi ikudontha, anayang'ana bukulo. Linali louma bwinobwino, ambulera ili pamwamba pake penipeni.

"Ayi, aphunzitsi, ndi yokwana," anatero. "Tsopano tandionetsani pakona podontha paja, tione koika bedi."